Kusunga Zipolopolo Zodzaza Pakhomo

Khalani pansi, tsegulani makope, tiyambe. Phunziro la lero lichokera ku United States ndi ku South Africa, kumene alenje ambiri ndi anthu a masewera owombera chandamale amadzaza okha zipolopolo zawo. Munthu akawombera, chigoba cha mkuwa chimatsala. Iye amachitola, n'kuchitsuka, n'kuikamo primer yatsopano, kachitsulo kaja ka pansi kamene kamayatsa moto, kenako wonga woyeza pa sikelo ndi mutu watsopano. Kuno kwathu kupezeka ndi chipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kadzazidwe kake sindikuphunzitsani. Ife tiyambira pamene ntchito ya pa benchi yathera, zipolopolo zili mbwee m'mbale, mwini wake akufuna poziika. Ndasankha mutuwu chifukwa muli sayansi yambiri ya kutentha, chinyezi ndi zitsulo, komanso chifukwa ngozi zina za anthu amenewa zimayambira pa alumali.

Funso loyamba nali. Ndikuikireni patebulo zipolopolo ziwiri za .308 Winchester, zonse zonyezimira, zofanana msinkhu. Mungandiuze bwanji zimene zili m'kati mwake? Simungathe. Ngakhale amene anazidzaza yekha, pakapita miyezi isanu ndi umodzi sangathe. Chipolopolo cha ku fakitale chimabwera m'katoni yolembedwa dzina la kampani, kulemera kwa mutu ndi nambala ya gulu limene chinapangidwamo. Chodzaza pakhomo chilibe zonsezi. Zilembo zodinda pansi pa chigoba zimangonena amene anapanga chigobacho pachiyambi, osati zimene mwini wake waikamo lero. Zili ngati botolo la mankhwala a mbewu limene pepala lake linamatuka: m'katimo mungakhale chothandiza kapena chowononga munda wonse, maso sangakuuzeni. Choncho ntchito yoyamba ya bokosi ndi kukumbukira m'malo mwa mwini wake. Kuteteza ndi ntchito yachiwiri.

Nanga pa kapepala ka pabokosipo alembepo chiyani? Mtundu wa chipolopolo ukhale pamwamba, m'zilembo zikuluzikulu zoti ziwerengeke munthu ataima patali. Patsatire tsiku lodzazira, dzina ndi kulemera kwa mutu, mtundu wa primer, kampani ya chigoba, kutalika kwa chipolopolo chonse, ndi mfuti imene zinakonzedwera, pakuti chimene chimayenda bwino m'mfuti ina chikhoza kuthina kapena kupanikiza kwambiri m'mfuti inzake. Pa wonga ndiye pofunika kudekha. Dzina lake lilembedwe lathunthu pamodzi ndi la kampani. Kuli wonga wotchedwa H4350 ndi wina IMR 4350, kulinso H4895 ndi IMR 4895. Manambala ndi amodzi, koma wongawo ndi wosiyana, ndipo mabuku a odzaza amaupatsa miyeso yosiyana. Wolemba "4350" yekha wadzitchera msampha. Ku South Africa ambiri amagwiritsa ntchito wonga wa Somchem, wokhala ndi mayina monga S335 ndi S365, amene amasiyana nambala imodzi yokha ya pakati. Cholembera chikafufutika pang'ono, 3 ndi 6 zimafanana. N'chifukwa chake odziwa amalemba mapepala awiri, lina kunja kwa chivundikiro, lina m'kati, ndiponso amakopera zonse m'buku lokhala pa benchi.

Muyeso wa wonga ndi wa mutu amauwerenga mu ma grain. Grain imodzi ndi pafupifupi magalamu 0.065, ndipo paundi imodzi ili ndi ma grain 7,000. Taonani kuchepa kwake. Pa zipolopolo za mfuti zam'manja, kusiyana kwa grain imodzi yokha kungachotse munthu pa muyeso wabwino n'kumufikitsa pa woopsa. Ndiye dontho la desimali pa kapepala kaja lilembedwe looneka bwino.

Chinanso cholemba ndi kuti chigoba chadzazidwa kangati. Mkuwa ukamafutukuka ndi kufinyidwa mobwerezabwereza umauma, khosi la chigoba limayamba kung'aluka, ndipo pamunsi pake pamapyapyala. Zigoba za gulu limodzi ziyenera kukalamba pamodzi. Apa m'pamene bokosi la zipinda limaonetsa ubwino wake. Kampani ya MTM Case-Gard ya ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, yatchuka ndi mabokosi apulasitiki a zipinda 20, 50 kapena 100, chipolopolo chilichonse m'kachipinda kake. Munthu akawombera, amabwezera chigoba chopanda kanthu m'kachipinda komwe chinachokera, koma mozondotsa, kuti aone msanga zowombera kale ndi zotsala. Akafika kunyumba zigoba zonse 50 zili pamodzi, amangowonjezera kamzere kamodzi pa kapepala. Sataya nthawi kusankhula.

Poika zipolopolo zatsopano m'bokosi, makamaka za mfuti zam'manja, ine ndimagwirizana ndi amene amaloza mitu pansi, ma primer n'kuyang'ana kumwamba. Munthu amayendetsa chala pamwamba pa mzere uliwonse. Primer imene sinalowe bwino imakodola chala, yozondoka imaoneka nthawi yomweyo, ndipo malo opanda primer amangoti pululu. Kuika m'bokosi kwasanduka kuyendera komaliza, popanda kuwonjezera ntchito ina.

Amene amawombera zipolopolo mazanamazana pa mpikisano umodzi amaona zipinda ngati zochedwetsa, ndipo amangothira zipolopolo m'chitini chachikulu. Sindiwatsutsa, bola chitini chimodzi chikhale cha mtundu umodzi ndi gulu limodzi. Zitini zimene amakonda ndi zija zachitsulo za asilikali a ku America, M2A1 imene anthu amati ya .50 ndi M19A1 yaing'ono ya .30. Chivundikiro chake chili ndi labala kuzungulira, ndipo chikatsekedwa mpweya wakunja sulowa. Koma werengerani kulemera. Zipolopolo 1,000 za 9mm zimalemera pafupifupi makilogalamu 12, ndipo chitini chachikulu chimalowa zoposa pamenepo. Chodzaza pakamwa chimapweteka msana, chimapinda alumali, ndipo mwini wake amachita ulesi kuchisuntha. Zitini zing'onozing'ono zingapo zimaposa chimodzi chachikulu. Ena amagawa zipolopolo m'timatumba tapulasitiki ta 100, kalikonse ndi kapepala kake, kuti potsegula asavundukule zonse.

Kusakaniza mitundu ndiye kumene ndimakuopa kwambiri. Chipolopolo cha mfuti ya zifefe cha 20 gauge chikalowa m'mfuti ya 12 gauge chimatsetsereka n'kukakamira m'kati mwa mpope. Mwini mfuti amayesa sanaikemo kanthu, amaika china cha 12 kumbuyo kwake, n'kuwombera, mpope n'kuphulika m'manja mwake. N'chifukwa chake makampani ambiri amapanga zigoba za 20 gauge zachikasu. M'zaka zaposachedwa vuto lofanana labuka ndi .300 Blackout, chimene nthawi zina chimalowa m'mfuti ya .223 Remington ngakhale mutu wake ndi waukulu kuposa bowo la mpope. Eni mfuti zonse ziwiri amagula mabokosi a utoto wosiyana, wina wobiriwira, wina wofiira, ndipo satsegula awiri pa tebulo limodzi.

Tsopano tibwere ku zimene zimawononga chipolopolo chili chikhalire. Ndiyamba ndi kutentha. Wonga wa masiku ano si uja wakuda wa mfuti zagogodela. Ndi wonga wopanda utsi, umene katswiri wa ku France, Paul Vieille, anapanga mu 1884, ndipo unatchedwa Poudre B. Maziko ake ndi nitrocellulose, chinthu chimene chimawola pang'onopang'ono kuyambira tsiku limene chapangidwa. Chikamawola chimatulutsa mpweya wa asidi, ndipo asidiyo amafulumizitsa kuwolako. Asilikali a pamadzi a ku France anaziona ndi maso. Mu 1907 sitima yankhondo yotchedwa Iéna inaphulika ili padoko la Toulon, ndipo mu 1911 ina yotchedwa Liberté inaphulikanso padoko lomwelo, anthu mazana n'kufa. Ofufuza analoza chala wonga wokalamba wa m'zipinda zosungiramo. Masiku ano opanga amathiramo mankhwala monga diphenylamine, amene amameza asidi uja. Koma mankhwalawo amatha, ndipo kutentha kumawamaliza msanga. Kumbukirani kuti kusintha kwa zinthu zambiri kumathamanga pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Choncho chipolopolo chosungidwa m'chipinda chozizira chimatha zaka makumi angapo chili bwino, pamene chosiyidwa m'buti ya galimoto kapena pansi pa denga la malata chimakalamba msanga. Bungwe la opanga mfuti ndi zipolopolo ku America, SAAMI, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926, limalangiza malo ozizira, ouma, kutali ndi moto ndi mafuta. Wonga wowola umadziwika ndi fungo lowawa la asidi ndi fumbi lofiirira ngati dzimbiri.

Chinyezi chimadetsa mkuwa, chimabweretsa zobiriwira pa chigoba, ndipo chikalowa m'kati chimapha primer. Pano pali chinthu chimene ambiri amachiiwala. Chitini cha labala chimatsekera chinyezi kunja, inde, koma chimatsekeranso m'kati chinyezi chimene chinalipo potseka. Wotseka chitini tsiku la mvula watsekeramo mvula. Makatoni nawo amamwa madzi a mu mpweya n'kukawatulutsira m'chitinimo. Ndiye amatseka tsiku louma, n'kuponyamo kathumba ka silica gel, timibulu tija mumatipeza m'bokosi la nsapato zatsopano. Tina tili ndi utoto wosonyeza kukhuta: tabuluu timasanduka tapinki, ndipo tikatero amatiumitsa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 n'kutibwezeramo. Chitini chisakhale pa simenti, chikhale pa thabwa. Labala wa chivundikiro ayang'anidwe ngati wauma kapena wang'aluka. Zipolopolo zisagonere m'lamba wachikopa, chifukwa mankhwala ofufutira chikopa amadya mkuwa.

Chachitatu n'chimene ndimakonda kufotokoza, chifukwa chinazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zambiri. Asilikali a Britain ku India ankasunga zipolopolo m'makola a akavalo nyengo ya mvula yamphamvu, pamene nkhondo ndi maulendo zinkaima. Mvula ikatha ankapeza zigoba zambiri zitang'aluka m'khosi, osawomberedwa n'komwe. Anangoti ndi mng'alu wa nyengo. Yankho linabwera mu 1921, pamene Moore, Beckinsale ndi Mallinson anasonyeza kuti wolakwa ndi ammonia wochokera mu mkodzo wa akavalo. Mkuwa wa zigoba ndi kopa magawo 70 ndi zinki magawo 30. Pamene khosi lafinyidwa kuti ligwire mutu, chitsulocho chimakhala chokokeka nthawi zonse. Ammonia pamodzi ndi chinyezi akafika pa malo okokekawo, mng'alu umayamba n'kumayenda. Tsono ganizirani wodzaza pakhomo, amene khosi la chigoba chake lafinyidwa kasanu kapena kakhumi. Iyeyo ndiye ayenera kusamala koposa. Asapukute zigoba ndi mankhwala onyezimiritsa mkuwa okhala ndi ammonia, asasunge zipolopolo pafupi ndi khola, ndi matumba a feteleza, kapena ndi mankhwala otsukira mpope wa mfuti, amene ambiri ali ndi ammonia womwewo. Mafuta opopera olowerera nawonso atalikirane ndi ma primer.

Wina afunsa za moto. Nyumba ikapsa, kodi zipolopolo siziwombera anthu? SAAMI inayesa zimenezi pofuna kuphunzitsa ozimitsa moto. Chipolopolo chimene sichili m'mfuti chikapsa chimaphulika, chigoba n'kung'ambika, koma mutu supita ndi mphamvu, chifukwa palibe mpope wopanikiza mpweya kumbuyo kwake. Mfuti yosiyidwa ndi chipolopolo m'kati ndiyo imawombera ndi mphamvu zonse. Pa chifukwa chomwechi cha kupanikizika, wonga wa m'mabotolo ndi ma primer osagwiritsidwa ntchito sasungidwa m'chitini chachitsulo chotseka kwambiri. Wonga ukapsa poyera umangoyaka lawilawi, koma ukatsekeredwa m'chitsulo cholimba umaphulitsa chitsulocho. Malangizo a ku America a NFPA 495 amalola mapaundi 20 a wonga m'nyumba uli m'mabotolo ake, ndipo kufika mapaundi 50 ngati uli m'kabati yamatabwa ochindikala inchi imodzi. Ma primer akhale m'timathireyi tawo ta ku fakitale, osathiridwa pamodzi m'botolo, pakuti imodzi ikayaka imayatsa zonse.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba za anthu osunga mfuti, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yokha. Limamuikira malire a zipolopolo 200 ndi ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha akhale mlenje kapena wamasewera wovomerezeka mwapadera. Zipolopolozo zimayenera kutsekeredwa m'kabati yachitsulo yovomerezeka, kumene mwana kapena mlendo sangafike. Malo m'kabatimo ndi ochepa, ndiye mabokosi ofanana msinkhu, osanjikizana bwino, mapepala onse atayang'ana kukhomo, amathandiza kwambiri. Atsopano amapita kumbuyo, akale amabwera kutsogolo kuti ayambe kutha.

Bokosi limene kapepala kake katayika, kapena zipolopolo zodzaza munthu wina zimene mbiri yake siidziwika, siziwomberedwa. Odziwa amazimasula ndi chipangizo chozulira mitu, wonga wosadziwikawo osaugwiritsanso ntchito, n'kupulumutsa mitu ndi zigoba zokha. Amene si mwini laisensi asazikhudze, akauze mwini wake kapena apolisi. Pa ntchito ya kunyumba, werengerani kuti ma grain 150 ndi magalamu angati, ndipo mufotokoze m'ndime imodzi chifukwa chake mng'alu wa ammonia umayambira pakhosi la chigoba osati pamunsi pake.