Mankhwala a Khunyu Akakanika: Chakudya cha Keto

Mwa anthu atatu aliwonse odwala khunyu, pafupifupi awiri amasiya kugwa akamamwa mankhwala mwandondomeko. Phunziro lathu la lero ndi la wachitatuyo. Madokotala amati matendawa akana mankhwala pamene mitundu iwiri yoyenera, monga carbamazepine ndi sodium valproate, yamwedwa pa mlingo wokwanira koma munthu akugwabe. Mwana amene amadumphitsa mapilisi chifukwa mayi ake analawirira kukathyola tiyi, kapena chifukwa mankhwala anatha kuchipatala, sali m'gulu limeneli. Iyeyo akungofunika mankhwala ake tsiku lililonse.

Kwa wachitatu uja pali njira ya chakudya yotchedwa keto. Ubongo wathu umayendera shuga wochokera ku zakudya monga nsima. Shugayo akasowa, chiwindi chimayamba kuswa mafuta n'kupanga tizinthu totchedwa ketone, ndipo ubongo umayamba kugwiritsa ntchito timeneti. Mwa ana ena, kusintha kumeneku kumachepetsa kugwa. Kuyambira kale anthu ankaona kuti wodwala khunyu akakhala ndi njala masiku angapo amagwa pang'ono, koma palibe amene angakhale osadya mpaka kalekale. Mu 1921, Dr Russell Wilder wa ku Mayo Clinic ku America anakonza chakudya chopusitsa thupi kuti lizichita ngati likusala, chonsecho munthuyo akudya.

Muyeso wake ndi wokhwima: magalamu 4 a mafuta pa galamu imodzi ya zakudya zomanga thupi ndi za sitachi zikaphatikizidwa, ndipo chilichonse chimayesedwa pa sikelo. Tangoganizani mbale ya kuno ku Thyolo. Nsima, chinangwa, mbatata, nthochi ndi tiyi wa shuga zonse zichoke. Patsale mapeyala, mazira, mafuta ophikira, masamba ndi mtedza wa macadamia, umene timauona m'maesiteti koma ambiri sitiukwanitsa kugula. Ngakhale switi imodzi yopatsidwa ndi mnzake kusukulu ingathe kusokoneza zonse.

Nanga zimathandizadi? Pa kafukufuku wa ku Great Ormond Street Hospital ku London, amene anasindikizidwa mu 2008, ana 38 pa 100 aliwonse amene anadya motere kwa miyezi itatu anachepetsa kugwa ndi kupitirira theka, pomwe mwa amene sanadye anali 6 okha. Zimenezi n'zolimbikitsa, komabe ambiri sanathandizike motero. Palinso mavuto ake: kudzimbidwa, miyala m'impso, kutsika kwa shuga m'magazi ndi kupinimbira. N'chifukwa chake chakudyachi chimafuna dokotala, katswiri wa zakudya ndi kuyeza magazi pafupipafupi, ndipo mankhwala samasiyidwa. Kuyamba nokha kunyumba n'kuika moyo wa mwana pachiswe.

Ena angafunse ngati kusala kwa Ramadhani kungachite zomwezo. Ayi. Phala ndi tiyi wa pa futari zimabweza shuga m'thupi madzulo omwewo, pamene kuchedwetsa mapilisi ndi kusowa tulo zimadzutsa kugwa. Wodwala ali ndi chilolezo chosasala, choncho makolo akambirane ndi dokotala komanso ashehe mwezi usanayambe.

Ngati mwana wanu akugwabe ngakhale akumwa bwino mankhwala, muzilemba m'kope tsiku, nthawi ndi kutalika kwa kugwa kulikonse. Kopelo mupite nalo ku chipatala cha boma cha Thyolo, ndipo mufunse ngati angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akaonedwe ndi madokotala a ana.