Phunziro: Hagara pa Kasupe wa m'Cipululu

Werengani Genesis 16:1-14, Genesis 38:24-26, Yakobo 2:14-17.

M'midzi yathu ndi m'makomboni muli akazi ambiri amene apezeka ndi pakati posayembekezera. Kafukufuku wa za umoyo wa caka ca 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 ali onse a zaka 15 kufikira 19 m'Zambia, 29 anali atabala kale kapena anali ndi pakati. Ena anacimwa mwadala, ena ananyengedwa ndi ndalama, ena anagwiriridwa. Aliponso amai a pabanja amene mimba iwadzera khanda lili kumsana, nkhokwe ili gwa. Kodi Mpingo uwacitire ciani?

1. Mulungu afunafuna wothawa

Hagara, mdzakazi wa ku Aigupto, anaperekedwa kwa Abramu ndi Sarai. Ataima anapeputsa mbuye wace, ndipo pozunzidwa anathawa. Cotero sanali wosalakwa konse. Koma mthenga wa Yehova anamtsata kufikira pa kasupe wa pa njira ya ku Suri, namuitana ndi dzina lace, namfunsa kumene acokera ndi kumene amuka. Anambweza kwao, koma sanambweza cimanjamanja, pakuti mwanayo analandira lonjezano ndi dzina asanabadwe: Ismayeli, ndiko kunena kuti Mulungu amva. Tione tsono kuti cifundo ca Mulungu sicinalindire kuti mlandu uyambe watha.

2. Mimba siili ya munthu mmodzi

Yuda pakumva kuti Tamara mpongozi wace ali ndi pakati, analamula kuti amtenthe. Koma mkaziyo anaturutsa mphete, cingwe ndi ndodo, ndipo zinali za Yuda yemwe. Kawirikawiri pa bwalo la akulu a Mpingo paima mtsikana yekha, popeza cace cioneka ndi maso, pamene mwini mimba ali m'kwaya kuyimba. Ici si cilungamo.

Akulu adziwe malamulo a dziko. Lamulo la ana la caka ca 2022 liika udindo wa kulera mwana pa atate ndi amai onse awiri. Malipiro a mlandu operekedwa kwa makolo a mtsikana sathetsa udindowo. Kuyambira caka ca 2023 ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 uli woletsedwa, ungakhale wa mwambo wa makolo. Cotero tisabise manyazi pokwatitsa mwana. Ndipo mtsikana akakhala wosakwana zaka 16, kapena wogwiriridwa, mlanduwo ngwa apolisi a Victim Support Unit. Sutha ndi mbuzi pakhomo.

3. Mwambo ndi cifundo

Mwambo wa Mpingo uli ndi malo ace, ndipo colinga cace ndico kubweza wolakwa. Koma mwana ali m'mimba sanalakwe kanthu, ndipo njala silindira kuti miyezi ya cilango ithe. Mtsikana wopitikitsidwa pakhomo amanga mimba ndi nsaru, aopa cipatala, kapena amwa mankhwala mobisa. Ndipo motero tiika m'manda anthu awiri. Yakobo atiphunzitsa kuti kudalitsa waumphawi ndi mau okha, osampatsa cobvala kapena cakudya, kulibe phindu. Makolo athunso anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

4. Zimene Mpingo ungacite

Coyamba, amai awiri okhwima a Cigwirizano, odziwa kusunga cinsinsi, akamcezere ndi kumuyanjanitsa ndi makolo ace.

Caciwiri, amperekeze ku sikelo miyezi itatu isanathe. Bungwe la za umoyo la dziko lonse linalangiza m'caka ca 2016 kuti mai wapakati aonane ndi anamwino nthawi 8. Kumeneko ayezedwa magazi, ndipo akapezeka ndi kacirombo ka HIV alandira mankhwala ocinjiriza mwana. Mtsikana wamng'ono akabalire ku cipatala ndithu, monga ca St Francis ku Katete, ca Nyanje kapena ca Mwami, pakuti thupi losakhwima licedwa pobala.

Cacitatu, atumiki asonkhe ufa, nyemba, nsawa, sopo, beseni ndi zitenje, napereke mosaimba lipenga.

Cacinai, abwerere ku sukulu. Kuyambira caka ca 1997 boma lilola mtsikana kubwerera ku maphunziro atabala, ndipo kuyambira 2022 sukulu za boma zili zaulere. Cotsala ndico wolera khanda masana. Pamenepo agogo ndi amai a Mpingo apatsane masiku.

Mafunso

Kodi pa Mpingo wanu mtsikana wotere ayamba kuuza yani? Kodi mwamuna aitanidwa ku bwalo pamodzi naye? M'thumba la osauka muli gawo lace kodi?

Pemphero

Inu Mulungu amene munaona Hagara m'cipululu, tsegulani maso athu, kuti tione iwo akubisala ndi manyazi, ndi kuwatsogolera ku madzi a moyo; mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.