Musagwire nokha mwana pojambula X-ray

Funso: Ndinamaliza maphunziro ojambula X-ray ku Evelyn Hone ndipo ndayamba ntchito pa kiliniki ina ku Chelstone. Mwana akamalira n'kumaphupha pathebulo, abwana amandiuza kuti ndimugwire ineyo, mnzanga adine batani. Baji yanga yoyezera cheza imangokhala mu dirowa. Ndikuopa kukana, poti ntchito ikusowa. Nditani?

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanazolowere.

Cheza cha X-ray chimatuluka pokhapokha batani likadinidwa. Makina akasiya, m'chipinda simutsala kanthu. Choncho chitetezo chanu chonse chagona pa malo amene mwaima pa kamphindi kameneko. Ku Albuquerque, m'dziko la America, kuli makina otchedwa Z pa Sandia National Laboratories. Amasonkhanitsa magetsi kenaka n'kuwatulutsa kamodzi, ma ampere oposa 20 miliyoni, m'kanthawi kochepa kwambiri kuposa kuphethira. Mphamvuyo imafinya mpweya monga argon kapena krypton mpaka kutentha koopsa, ndipo pamatuluka X-ray yochuluka. Asanawombe makinawo, anthu onse amatulutsidwa kaye. Makina anu ndi aang'ono, koma mwambo wake ndi womwewo.

Mwanayo ajambulidwa lero basi, mwina mpaka chaka chamawa. Inu mukagwira ana atatu patsiku, mwezi ndi mwezi, pang'onopang'ono ndi mtolo. N'chifukwa chake wogwira mwana azikhala mayi ake, bambo ake kapena wachibale amene wabwera naye. Muwaveke apuloni ya mtovu, muwaonetse pogwira kuti manja awo asalowe m'kuwala kwa makina, ndipo ngati ndi mayi, muwafunse kaye ngati ali oyembekezera. Inu mubwerere kuseri kwa khoma lotchinga. Mukamajambula m'wodi, talikirani: mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chofika pa inu chimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Bajiyo ichoke mu dirowa. Ivalidwe pachifuwa tsiku lililonse, mkati mwa apuloni, ndipo izitumizidwa kukawerengedwa nthawi yake ikakwana. Malire a wogwira ntchito ngati yanu ndi 20 mSv pachaka, powerengera zaka 5 pamodzi, pomwe munthu wamba ndi 1 mSv. Popanda baji, palibe angadziwe kuti mwafika pati. Apuloni nayo musamaipinde ngati chitenje. Ipachikeni, chifukwa mtovu wake ukasweka mkati simungaone ndi maso. Mukadzakhala ndi pakati, dziwitsani abwana msanga kuti ntchito yanu ikonzedwe moyenera.

Tsono za abwanawo. Musawatsutse pamaso pa wodwala. Pitani ku ofesi kwawo ntchito ikachepa, munene mwaulemu kuti, "Bwana, ndimati tiziwapempha makolo kuti azigwira okha ana, ine ndiziwaveka apuloni." Muwakumbutse kuti kiliniki imagwira ntchitoyi ndi chilolezo cha Radiation Protection Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2005, ndipo oyendera akabwera amafunsa zotsatira za mabaji. Abwana ambiri akamva za chilolezo amatchera khutu.

Akapanda kumva, lembani kalata yaifupi kwa amene amayang'anira chitetezo cha cheza pamalopo, musunge kope lanu. Zikakanikabe, bungwe lija lili mu Lusaka momwemuno, ndipo madandaulo otere ndi ntchito yake.