Phunziro lochokera ku America: Thumba la odwala okhaokha silikhalitsa

Mu February 2013, boma la United States of America lidalengeza kuti lasiya kulemba anthu atsopano m'ndondomeko ya inshuwaransi imene lidakhazikitsira anthu odwala kale. Ndalama zimene Nyumba ya Malamulo idapatula zikadatha nthawi isanakwane. Izi zidachitika m'dziko lolemera kuposa maiko onse, ndipo olembedwa m'ndondomekoyo adali ochepa kuposa mmene akatswiri ankayembekezera. Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko amene amakambirana za ndalama zoyendetsera ntchito zaumoyo.

Gwero la vutoli

Ku America chithandizo cha kuchipatala n'cholipira, ndipo n'chokwera mtengo kwambiri. Anthu ambiri amadalira inshuwaransi imene amapeza kudzera kuntchito. Kuchokera mu 1965, boma limathandiza okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo kudzera mu Medicare, komanso ena mwa osauka kudzera mu Medicaid. Otsalawo, monga alimi, amabizinesi ang'onoang'ono ndi ochotsedwa ntchito, ankayenera kudzigulira okha inshuwaransi ku makampani.

Apa m'pamene padagona vuto. Kampani isanalandire munthu, inkayamba yafufuza mbiri ya thanzi lake. Ikapeza kuti ali ndi matenda a shuga, khansa, mphumu kapena a mtima, inkatha kumukana, kumukwezera mtengo, kapena kumulandira koma n'kunena kuti sidzalipira chithandizo cha nthendayo. Ngakhale mayi woyembekezera ankatha kukanidwa. Motero munthu wofunikira chithandizo kwambiri ndiye ankatsekeredwa kunja. Mu 2010, anthu pafupifupi 50 miliyoni m'dzikolo adalibe inshuwaransi ya zaumoyo.

Makampaniwo adali ndi chifukwa chawo. Inshuwaransi imayenda ngati thumba la maliro la m'mudzi: ambiri amasonkha pang'onopang'ono, ndipo ochepa amene tsoka lawagwera ndiwo amatapamo. Munthu akamadikira kuti m'bale wake afike kayakaya ndiye n'kuyamba kusonkha, thumbalo silichedwa kuuma.

Njira imene boma lidasankha

Pa 23 March 2010, Pulezidenti Barack Obama adasainira lamulo lotchedwa Affordable Care Act. Lamuloli lidaletsa makampani kukana munthu chifukwa cha matenda amene ali nawo kale, koma kwa akuluakulu chiletsocho chidayenera kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2014. Munthu wa khansa sakadatha kudikira zaka pafupifupi zinayi. N'chifukwa chake boma lidakonza ndondomeko yongoyembekezera yotchedwa Pre-Existing Condition Insurance Plan, mwachidule PCIP, imene idayamba mu July 2010 ndi ndalama zokwana madola 5 biliyoni.

Kuti munthu alembedwe, ankayenera kukhala nzika kapena wokhala m'dzikolo movomerezeka, kukhala ndi umboni wa matenda ake, komanso kukhala atatha miyezi isanu ndi umodzi wopanda inshuwaransi ina iliyonse. Akalembedwa, ankalipira mwezi ndi mwezi ndalama zofanana ndi zimene munthu wathanzi wa msinkhu wake ankalipira ku makampani, ndipo boma linkawonjezera zotsalazo. Chithandizo cha nthenda yake chinkayamba pomwepo. Mwa zigawo 50 za dzikolo, 27 zidasankha kuyendetsa zokha ndondomekoyi, pamene m'zigawo 23 ndi mumzinda wa Washington idayendetsedwa ndi boma lalikulu.

Zimene zidachitika

Akatswiri owerengera ndalama m'boma ankayembekezera kuti anthu 375,000 alembetsa chaka cha 2010 chisanathe. Koma pofika November chaka chomwecho, olembetsa adali pafupifupi 8,000 okha. Ena sadamve n'komwe za ndondomekoyi. Ena adaona kuti ndalama za pamwezi zidali zambiri kwa munthu amene matenda adamulepheretsa kugwira ntchito. Lamulo la miyezi isanu ndi umodzi lija nalonso lidatsekereza ambiri. Cholinga chake chidali kuletsa anthu kusiya inshuwaransi yawo n'kuthamangira ya boma, koma zotsatira zake zidali zakuti wodwala amene ankalipira inshuwaransi yodula kwambiri sakadatha kusamuka pokhapokha atakhala theka la chaka wopanda chitetezo chilichonse.

Mu July 2011 boma lidatsitsa ndalama za pamwezi m'zigawo zingapo, kwina mpaka ndi 40 peresenti. Lidavomerezanso kuti kalata ya dokotala ikhale umboni wokwanira, m'malo mwa kalata yosonyeza kuti kampani idamukana munthuyo. Chiwerengero chidayamba kukwera, ndipo kumayambiriro kwa 2013 chidapitirira 100,000.

Ngakhale anthuwa adali ochepa, ndalama zinkatuluka ngati madzi a m'dengu. Ambiri adafika atadwalika chifukwa adakhala nthawi yaitali osaonana ndi dokotala, ndipo ankafunika opaleshoni, mankhwala a khansa kapena chithandizo cha mtima nthawi yomweyo. Mu 2012, munthu mmodzi ankadya pafupifupi madola 32,000 pachaka tikatengera pakatikati. Anthu osakwana asanu mwa 100 aliwonse ndiwo adadya ndalama zoposa theka la zonse zimene zidalipidwa ku zipatala. Boma lidaona kuti likapitiriza kulemba anthu atsopano, lidzalephera kulipirira amene adalembedwa kale. Lidatseka khomo, ndipo odwala amene adachedwa adayenera kudikira mpaka 2014.

Sikuti ndondomekoyi idapita pachabe. Anthu oposa 130,000 adalandira chithandizo chimene sakadachipeza kwina. Idatsekedwa kumapeto kwa April 2014, boma litaitalikitsa kangapo pofuna kupatsa odwala mpata wosamukira ku inshuwaransi ina.

Chimene chidasintha mu 2014

Kuyambira January 2014, odwala sadaikidwenso m'thumba lawolawo. Makampani adalamulidwa kulandira aliyense ndi kusakweza mtengo chifukwa cha matenda. Boma lidayamba kuthandiza opeza zochepa kulipira ndalama za pamwezi, ndipo lidaika chindapusa kwa amene sadagule inshuwaransi, kuti athanzi nawonso azisonkha. Chindapusacho chidachotsedwa kuyambira 2019, ndipo mikangano ya kukwera mtengo ikadalipo mpaka lero. Komabe mfundo yaikulu idakhazikika: katundu wa wodwala amapepuka akasenzedwa ndi anthu ambiri. Akale adati mutu umodzi susenza denga.

Phunziro kwa khonsolo

Ku Malawi zinthu n'zosiyana. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, ndipo m'madera ena boma lili ndi mgwirizano ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira. Inshuwaransi ya zaumoyo, monga ya MASM, imafikira makamaka anthu olembedwa ntchito. Koma pamene mankhwala asowa kuchipatala, munthu wa shuga kapena wa kuthamanga kwa magazi amagula yekha mwezi ndi mwezi. Poti ntchito zaumoyo zidatsitsidwira ku makhonsolo, maganizo okhazikitsa thumba lothandiza odwala angathe kufika pamsonkhano wa VDC, wa ADC kapena wa khonsolo yonse. Zimene zidachitika ku America zikupereka mfundo zinayi.

Choyamba, thumba lolandira odwala okhaokha limafuna ndalama zochokera kunja chaka ndi chaka. Zosonkha za mamembala sizingakwane.

Chachiwiri, powerengera ndalama sikokwanira kufunsa kuti alembetsa anthu angati. Funso lalikulu n'lakuti adzafika akudwala motani, chifukwa odwala ochepa angathe kudya gawo lalikulu la thumba lonse.

Chachitatu, lamulo lililonse lotchingira achinyengo limatchingiranso ena oyenera kuthandizidwa. Komiti iyenera kudziwiratu amene lamulo lake lidzawasiye panja.

Chachinayi, kuchedwa kumakweza mtengo. Kuyeza BP ndi shuga pachipatala chaching'ono kapena pasikelo ya kumudzi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kusamalira munthu amene wafa ziwalo kapena impso zake zasiya kugwira ntchito.

Mafunso okambirana m'makomiti

1. Kodi magulu a banki m'khonde ndi a thumba la maliro m'dera lino amatani ndi munthu wofuna kulowa vuto litamugwera kale?

2. Ngati dera litakhazikitsa thumba la mayendedwe opita kuchipatala, kodi achinyamata ndi anthu athanzi angakopedwe bwanji kuti azisonkha nawo?

3. Kodi ndalama za m'thumbalo zitatsala pang'ono kutha, ndani angagamule za amene athandizidwe, ndipo angatsate mfundo ziti?

Funso lachitatuli ndi lovuta kuposa onse, ndipo ndi limene akuluakulu a ku America adakumana nalo mu February 2013. Komiti yanzeru imaliyankha ndi kulemba yankho lake m'malamulo a gulu munthu woyamba asanasonkhe ndalama.