NJINGA YAMOTO IKAKANA KULIRA, YAMBANI MWAYEZA BATIRE

Alimi ambiri a pa Likoma amanyamula chinangwa, mbewu ndi feteleza pa njinga zamoto. Zina mwa njingazi zili ndi batire la mtundu watsopano la lithium, lopepuka ndi losathira madzi. Likafa, lina sapeza msanga pa Mbamba. Amaitanitsa ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu nkudikira tsiku la Ilala, katundu ali pakhomo. Choncho musathamangire kugula lina. Nthawi zambiri cholakwa chimakhala pena.

Kusiyana kwake ndi batire lakale

Batire la asidi likadzaza limaonetsa mavolti 12.6 pa mita yoyezera magetsi. La lithium lili ndi zigawo zinayi za mavolti 3.2 chilichonse, ndipo likadzaza limaonetsa 13.3 kapena kupitirirapo pang'ono. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Mita ikanena 12.6, iwo amati batire lili bwino, chonsecho la lithium latsala pang'ono kutheratu. Nyali nayo imanamiza, pakuti imawala bwino mpaka mphamvu itatsala yochepa.

Kafufuzidwe kake

1. Mvetserani. Sitata ikamazungulira mwamphamvu koma injini osalira, batire lilibe mlandu. Onani petulo ndi pulagi. Mukangomva kuti tha-tha-tha, kapena kuli zii, pitirizani.

2. Onani mawaya. Chinyontho cha kunyanja chimachititsa dzimbiri, ndipo misewu ya miyala imamasula mabawuti. Palani pomangira mawaya, mangitsani, ndipo onani fyuzi ndi waya wopita ku chitsulo cha njinga.

3. Yezani injini itazima. Bwerekani mita kwa makaniko. Ikaonetsa pansi pa 13, batire lifunika kutchaja.

4. Yezani pamene mukudina sitata. Nambala ikagwa kufika pansi pa 10, batire lilibe mphamvu kapena lafooka. Litchajeni, muyezenso. Nambala ikapanda kutsika koma sitata osazungulira, vuto lili pa sitata, pa switchi kapena pa mawaya.

5. Yezani injini ikulira, mutawonjezera moto pang'ono. Mita ionetse pakati pa 13.8 ndi 14.6. Ikachepera, njinga sikutchaja batire. Ikapitirira, regulator yawonongeka, ndipo idzaphanso batire latsopano limene mungagule. Konzani chimenechi poyamba.

Mita ikanena 0

Musalitaye msanga. Mabatire ambiri a lithium ali ndi kachipangizo m'kati kamene kamatseka magetsi mphamvu ikatsika kwambiri, kuti zigawo zija zisawonongeke. Kawirikawiri chaja yopangidwira lithium imalidzutsa. Likakana kudzuka, kapena likatentha potchaja, pamenepo ndiye lafa.

Chimamaliza mphamvu nchiyani?

Batire la lithium limaliza injini mwamphamvu, koma nkhokwe yake njaing'ono. Kutchajira mafoni pa njinga yozima, kusiya kiyi wotsegula, ndiponso maulendo afupiafupi a pachilumba osapatsa injini mpata wobwezera mphamvu, zonsezi zimalimaliza. Ngati muimika njinga masabata angapo, monga m'nyengo ya dzinja, masulani waya wakuda.

Zoyenera kupewa

Musatchaje ndi chaja ya mabatire a asidi imene ili ndi mbali yotsitsimutsa batire lakufa, pakuti imatumiza mavolti ochuluka.
Musalumikize batireli ku sola mwachindunji popanda chowongolera mphamvu.
Musalize njinga ndi mawaya ochokera ku galimoto imene injini yake ikulira.
Musalitsegule kapena kuthiramo madzi.
Likatupa, likang'aluka kapena likatulutsa fungo, lichotseni. Liikeni panja pa mchenga, kutali ndi denga la udzu, nkhokwe ndi petulo. Musaliponye pamoto kapena m'nyanja.

Kumbukirani

Kuona maso a nkhono nkudekha. Kuyeza konseku sikutenga ngakhale theka la ola, pamene kugula batire losafunika kumadya ndalama za feteleza. Alimi a m'kalabu imodzi angathe kusonkherana nkugula mita imodzi ndi chaja imodzi ya lithium. Lembani manambala atatu awa m'buku lanu la zaulimi: 13.3 injini itazima, osatsika pa 10 poliza, osapitirira 14.6 injini ikulira.