Kuphunziranso Kuimirira Pambuyo pa Sitiroko

M'midzi yathu yambiri muli anthu amene anagwidwa ndi nthenda yofa ziwalo, imene a chipatala amaitcha sitiroko. Atabwerako kuchipatala amangokhala pamphasa, kuopa kuimirira, pakuti akaima amadzandira nagwa. Mwezi uno tiphunzire za njira yowathandiza ali kwao komweko.

Nthendayi imadza pamene mtsempha wopita ndi magazi ku ubongo watsekeka kapena kuphulika. Kawirikawiri gwero lake ndi kuthamanga kwa magazi; si ufiti ayi. Ikaonongeka mbali ya kumanzere ya ubongo, ziwalo za kumanja ndizo zimafooka, ndipo munthu amatsamira mwendo wabwinowo wokha. Koma ubongo umaphunziranso ngati thupi lichita chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Kuchira kumafulumira m'miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi yoyamba. Chotero wogona pamphasa miyezi imeneyi akutaya nthawi yake yabwino.

Vuto ndi ili: akatswiri olimbitsa ziwalo ndi ochepa, ndipo amapezeka m'zipatala zazikulu ndi kumalo onga Kachere mu mzinda wa Blantyre. Wodwala wa kumudzi sangapeze ndalama zokwerera galimoto sabata ndi sabata. Apa ndipo lamya ya m'manja imathandiza. Katswiri amayamba wapima wodwalayo maso ndi maso. Pambuyo pake amamuimbira pa tsiku limene anapangana, namuona pa kanema wa lamyayo akuima ndi kuyenda, namukonza polakwa. Ngati lamya ilibe kanema, wosamalira wodwala amafotokoza ndi pakamwa.

Kodi njira imeneyi imathandizadi? M'chaka cha 2020 bungwe la Cochrane linasanthula kafukufuku 22 wa m'maiko akunja. Pa za kuima mosadzandira, sanapeze kusiyana pakati pa ophunzira ali kwao ndi opita kuchipatala, ngakhale anati umboniwo ukadali wochepa mphamvu. Tsono lamya ndi mthandizi chabe. Ntchito yeniyeni ili ndi wodwala ndi abale ake.

Nazi zina zimene akatswiri amaphunzitsa:

1. Wodwala akhale pampando wolimba, mapazi onse awiri ataponda pansi. Apendekere kumanja, abwerere pakati, apendekere kumanzere.

2. Aimirire kuchoka pampando, nakhalenso pang'onopang'ono, osadzigwetsa. Ayambe ndi maulendo ochepa, naonjezere kufikira khumi.

3. Ataima ndi kugwira tebulo lolimba, asunthire kulemera kwa thupi ku mwendo wofookawo, kenaka ku unzake.

4. Akazolowera zimenezi, aponye phazi patsogolo ndi kulibweza, asanayambe kuyenda pabwalo.

Wothandiza aime ku mbali yofookayo, atagwira m'chiuno. Musakoke mkono wofooka, chifukwa phewa limaguluka msanga. Chotsani mphasa, mipini ndi ziwiya ponse podutsa, ndipo usiku muyatse nyale popita kuchimbudzi. Wodwala akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, alekeze pomwepo ndipo muuze a chipatala. Asaleke kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo muchepetse mchere m'ndiwo. Mukaona pakamwa papotoka mwadzidzidzi, mkono wafookanso kapena mawu sakumveka, musadikire tsiku la lamya. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Inu aphunzitsi ndi ena odziwa kuwerenga, ntchito yanu ndi iyi. Wodwala wa m'mudzi mwanu asanatuluke m'chipatala, funsani ngati alipo katswiri amene angamamutsate pa lamya, ndipo pemphani kuti akuonetseni zoyenera kuchita kunyumba. Lembani m'kabuku maulendo amene wodwala waimirira tsiku lililonse ndiponso masiku amene wagwa, kuti mukawerengere katswiriyo kapena mlangizi wa zaumoyo. Ngati banjalo lilibe lamya, abwerekeni yanu pa tsiku lopanganalo. Musawachitire agogo zonse chifukwa cha chifundo. Alekeni aimirire okha kukatenga kapu yao ya madzi, inu muli pambali pao.