ZIPSERA ZA NKHONDO PA ANA NDI MABANJA A ASILIKALI

Nkhondo ikatha, maboma amaŵerenga amene anafa ndi amene anavulala. M'chiŵerengero chimenecho simukhala mkazi wa msilikali amene wasiya kugona tulo, kapena mwana amene adzabadwe zaka zisanu mfuti zitaleka kulira. Komatu a zaumoyo apeza kuti anthu ameneŵa nawonso amadwala chifukwa cha nkhondo yomweyo. Nkhondo ya ku Vietnam ndi imodzi mwa zimene zafufuzidwa kwambiri pa nkhaniyi, ndipo phunziro la mwezi uno latengedwa kumeneko.

Mankhwala amene anapoperedwa m'nkhalango

Kuyambira mu 1962 mpaka mu 1971, ndege za asilikali a dziko la America zinapopera mankhwala opha zomera kumwera kwa dziko la Vietnam. Cholinga chinali choyoyola masamba a mitengo kuti adani asoŵe pobisala, ndiponso kuononga minda kuti asoŵe chakudya. Mankhwala onsewo anapitirira malita 70 miliyoni, ndipo ochuluka anali otchedwa Agent Orange. Dzinali linachokera ku mzere wa mtundu wa lalanje umene unajambulidwa pa migolo yake.

Popanga mankhwalawo ku fakitale munkapangikanso chiphe china chotchedwa dioxin, ndipo ichi ndicho chinali choopsa kopambana. Chiphechi sichili ngati zija zimene munthu akamwa amasanza tsiku lomwelo. Sichisungunuka m'madzi, motero sichituluka ndi mkodzo. Chimakabisala m'mafuta a m'thupi, ndipo pamapita zaka 7 mpaka 11 kuti theka lake lokha lichoke. M'nthaka ndi m'matope a pansi pa maiŵe chimakhalamo zaka makumi angapo. Nsomba ndi abakha zimadya m'matopemo, anthu nadya nsomba ndi abakhawo, ndipo mai amene chiphechi chamuloŵa amapatsira mwana wake akali m'mimba ndiponso poyamwitsa. Nchifukwa chake mabwalo a ndege a ku Da Nang ndi Bien Hoa, kumene migolo ija inkasungidwa ndi kutayikira, anakhala oopsa kwa mabanja okhala pafupi ngakhale nkhondo inatha mu 1975. Ntchito yoyeretsa nthaka ya ku Da Nang inatsirizika mu 2018, ndipo ya ku Bien Hoa inayamba mu 2019.

Asilikali a ku America atabwerera kwao, ambiri anayamba kudandaula za zilonda za pakhungu, khansa, ndi kubereka ana olumala. Panapita nthaŵi asanamvedwe. Mu 1984 makampani amene anapanga mankhwalawo anavomera kulipira madola 180 miliyoni, ndipo mu 1991 boma lao linakhazikitsa lamulo loti akatswiri azifufuza za matendawo ndi kuti odwala azithandizidwa. Mwa matenda amene bomalo linavomereza muli khansa za mitundu ingapo, matenda a shuga, a mtima, ndi matenda onjenjemeretsa thupi otchedwa Parkinson.

Nanga za ana?

Apa ndi pofunika kufatsa. Mu 1996 boma la America linayamba kuvomereza chithandizo cha ana a asilikali a ku Vietnam obadwa ndi msana wotseguka, chilema chimene madokotala amachitcha spina bifida. Mwana wotere amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana chifukwa mafupa a msana sanatsekeke bwino. Kaŵirikaŵiri miyendo imakhala yofooka, mkodzo ndi chimbudzi zimangotuluka zokha, ndipo ena mutu umakula chifukwa cha madzi. Koma mu 2016 akatswiri, ataonanso zimene zinafufuzidwa pambuyo pake, ananena kuti umboni woti dioxin wa m'thupi la kholo ndiye amayambitsa chilemachi sunali wokwanira. Chithandizo cha anawo sichinaimitsidwe ai.

Ngati akatswiri okhala ndi zipangizo zonse atha zaka 20 akuyesa ndi kuyesanso nkhani imodzi, si bwino kuti anthu a pamudzi aweruze tsiku limodzi kuti mwana walumala chifukwa cha bambo, chifukwa cha mai, kapena chifukwa cha ufiti wa wachibale. Ana ambiri a msana wotseguka amabadwa kwa makolo amene sanaonepo nkhondo. Chimene chikudziŵika bwino ndi ichi: msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyamba a pathupi, nthaŵi imene mai sanazindikire nkomwe kuti waima, ndipo kupereŵera kwa vitamini wotchedwa folic acid m'thupi la mai kumachulukitsa ngoziyi. Vitaminiyu amapezeka m'nyemba, m'mtedza ndi m'ndiwo zamasamba obiriŵira, komanso m'mapiritsi oonjeza magazi amene amaperekedwa ku sikelo. Mai woyembekezera kutenga pathupi achita bwino kufunsa za mapiritsiwo asanaime. Mwana akabadwa ndi bala pamsana, liphimbidwe ndi nsalu yoyera ndipo apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, popeza balalo likaloŵa tizilombo matenda amafika ku ubongo.

Bala la m'maganizo

Asilikali a ku Malaŵi sanamenye nawo nkhondo ya ku Vietnam. Koma pali bala lina limene silisankha dziko. Anyamata a dziko lino anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ali m'gulu la King's African Rifles, ena analondera njanji ya ku Nacala kuyambira mu 1987, ndipo ena anatumizidwa ku Congo mu 2013 pansi pa bungwe la United Nations. Munthu amene anaona anzake akufa pambali pake angathe kubwera kumudzi thupi lili lathunthu, koma maganizo atavulala.

Matenda ameneŵa anapatsidwa dzina m'mabuku a madokotala mu 1980, ndipo mwachidule amatchedwa PTSD. Wodwala amalota zimene anaona, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amakwiya msanga, amapeŵa anthu, ndipo safuna kukambako za kumene anapita. Ambiri amathaŵira ku moŵa kuti apeze tulo. Kafukufuku wa ku America amene anatha mu 1988 anapeza kuti mwa amuna 100 alionse amene anapita ku Vietnam, 15 anali akudwalabe matendaŵa, zaka zoposa khumi atachoka ku nkhondo. M'mabanja a amuna ameneŵa munali mikangano, ndeu ndi ana ovuta kulera kuposa m'mabanja a asilikali anzao osadwala. Ku Australia, kumenenso kunachokera asilikali a nkhondo yomweyo, lipoti la mu 2000 linasonyeza kuti kudzipha kunali kochuluka katatu pakati pa ana a asilikaliwo poyerekeza ndi anthu ena a misinkhu yao.

Bala limeneli siliyenda m'magazi, limayenda m'kakhalidwe ka pakhomo. Mwana amene wakulira m'nyumba imene aliyense amayenda monyang'ama kuopa kukwiyitsa bambo, amaphunzira mantha asanaphunzire kuŵerenga. Wina amayambanso kukodza pogona atasiya kale, wina amabwerera m'mbuyo kusukulu, wina amamenya anzake. Ambiri mwa ana otere amaganiza kuti mkwiyo wa bambo ndi mlandu wao, ndipo pafunika munthu wamkulu wowauza momveka kuti sanalakwe. Mai nayenso amaonekera ku chipatala mwezi ndi mwezi ndi mutu, kuphwanya kwa thupi ndi kusoŵa tulo, napatsidwa mapiritsi a malungo kapena opha ululu, chonsecho gwero la vuto latsala kunyumba. Akadafotokozera namwino za mmene zinthu zilili pakhomo, chithandizo chikadakhala china.

Mau oti mwamuna salira aononga amuna ambiri. Matenda a maganizo ameneŵa si misala ndipo si mantha. Amachizika mwa kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, ndipo nthaŵi zina ndi mankhwala. Pa chipatala chaching'ono angathe kulemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha boma, ndipo kumeneko, ngati nkofunika, amtumiza ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Koma pamene pali kumenya, kapena pamene munthu wanena zodzipha, banja lisadikire tsiku la sikelo. Mai ndi ana ayambe apita pamalo otetezeka, ndipo ankhoswe, a mfumu ndi a chipatala adziŵitsidwe msanga.

Matenda opatsirana

Mwamuna aliyense amene wakhala kutali ndi banja miyezi yambiri, kaya ku nkhondo kaya ku ntchito ina, ayenera kukayezetsa magazi pamodzi ndi mkazi wake akangofika. Chindoko chimabisala zaka popanda chizindikiro, koma chimapititsa padera ndi kupha ana m'mimba, pamene jakisoni wa penisilini amachichiza. Chinzonono chimachititsa khungu mwana wakhanda. Kachilombo ka Edzi kakadziŵika msanga, mankhwala amateteza mwana wosabadwa. Ndipo wobwera ndi chifuwa chimene chapitirira masabata aŵiri akapereke makhololo asanayambe kugona chipinda chimodzi ndi ana aang'ono.